Zikhomo za a Kalisito

Amalume anga a Kalisito tinawaika m'manda kwathu ku Utale mwezi wathawu, ndipo mpaka lero mtima wanga sunatsike. Chisoni chilipo, koma munthu wa zaka zawo akapita sudabwa kwenikweni. Chimene chikundidya ine ndi mkwiyo. Unayamba pamene Che Mailosi, mlamu wawo wa kwa Mposa, anaimirira pamaliro, n'kuvula chipewa, n'kuuza khamu lonse kuti mudzi wawo wataya munthu wofunika. Anati malemuwa anali ophunzira koma odzichepetsa, okonda mtendere, osadziwa kukangana ndi munthu. Azimayi amene ndinakhala nawo anavomereza ndi mitu. Ine ndinangoyang'ana bokosi, kudikira kuti mwina mwini wake agogoda.

Zonse zija zinali zabodza. Amalume sanali odzichepetsa ngakhale tsiku limodzi. Anali munthu wamakani, wa pakamwa powawa, woti ukalakwitsa mawu amakukonza usanamalize chiganizo. Ankakangana ndi akatekisiti, ndi makondakitala, ndi wailesi imene. Ndipo amene ankawayamikira pamaliroyo ndi yemweyo amene anawatulutsa m'nyumba imene anamanga okha, pafupi ndi manda a akazi awo, ali nkhalamba ya imvi mutu wonse. Ndikulemba izi kuti bodza lija lisakhale mawu omaliza onena za iwo.

Kugogoda chinali chizolowezi chawo. Chivwende pa Phalula ankachigogoda mpaka wogulitsa kutopa, kenako n'kuchisiya osagula. Khoma la tchalitchi, mtsuko, thanki ya madzi, mutu wa mwana wosamva, zonse ankagogoda ndi chala chopinda, khutu atapendeketsa. Ankati maso ndi aulesi chifukwa amathera pakhungu la chinthu, pamene phokoso limalowa mpaka m'kati n'kubwera kudzakuuza zimene lapeza. Mukuyenda nawo ankatha kuima mwadzidzidzi, kumenya pansi ndi chidendene, n'kukuuza kuti ukhale chete. Ndili mtsikana zinkandichititsa manyazi pamsika.

Imeneyo inali ntchito yawo moyo wonse. Anaphunzira za miyala ndi nthaka, ndipo anakhala zaka zambiri kunja akugwira ntchito ndi magulu ofufuza mafuta apansi panthaka. Kumudzi ankangowatcha a Kalisito a mafuta, ndipo ena mpaka lero amaganiza kuti ankagulitsa petulo. Ukawafunsa kuti ntchitoyo inkayenda bwanji, unali utadziputira, tsiku lako lathera pomwepo. Ankati pamakhala galimoto yolemera yokhala ndi chitsulo kumimba, imene imatsitsa chitsulocho n'kugwedeza nthaka. Kugwedezako kumatsika pansi ngati mawu, ndipo kukafika pamene mtundu wina wa mwala wathera n'kuyamba wina, kwina kumabwerera kumwamba, monga mmene mawu amabwererera ukakuwa moyang'anizana ndi phiri. Pamwamba amakhala atayala chingwe chachitali chokhala ndi tizitsulo tosongoka tozika m'dothi, timene iwo ankatitcha timakutu. Kakhutu kalikonse kamamva nthawi imene mawu abwerera. Obwera msanga achokera pafupi, ochedwa achokera pansi kwambiri. Makina akasonkhanitsa zimene timakutu tonse tamva, pamatuluka chithunzi cha mizeremizere, ndipo amalume ankalembedwa ntchito kuti awerenge mizereyo.

Apa m'pamene ankadzitama mopanda manyazi. Ankati mafuta obisala pamene miyala yapindika ngati mbale yovundikira, ngakhale wophunzira dzulo angaloze malo ake pachithunzi. Iwo ankasaka ovuta. Mtsinje wakalekale umasiya mchenga, mchengawo n'kukwiririka ndi dongo, ndipo ukamautsatira umanka nupyapyala mpaka kutheratu. Mafuta amakwera m'kati mwa mchengawo n'kukaima pamene wathera, dongo litawatsekera pamwamba ndi kutsogolo. Pamwamba pa nthaka sipaoneka kanthu, ndipo pachithunzi ndi kamzere chabe kamene kamazimirira pakati pa mizere ina. Anali ndi botolo lalikulu lagalasi limene anaikamo dongo ndi mchenga mopendekera, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa mmene mafuta ophikira amakwerera m'mchenga wonyowa n'kukakanirira pansi pa dongo. Akazi awo, azakhali a Esinala, ankabisa mafuta a ndiwo akangomva kuti kwabwera alendo.

Koma chionetserocho chinkatha ndi chenjezo limodzi nthawi zonse. Ankati mawu obwerera angakuonetse pamene mchenga wathera, koma ngati muli mafuta kapena madzi amchere chabe, amene angakuuze ndi woboola yekha, ndipo zitsime zambiri zimatuluka zouma. Ankawonjezera kuti munthu wa ntchito yawo amene amachita manyazi kunena kuti sakudziwa ndi wakuba. Ife tinkaseka, osadziwa kuti mawu amenewa ndi amene adzawasowetse pogona.

Atapuma ntchito akanatha kukhala m'tauni. Koma azakhali anali atawadikira zaka zonsezo kwawo kwa Mposa, ndipo anakana kusiya munda wawo wa mpunga ndi manda a amayi awo. Choncho munthu amene anayenda mayiko anakakhala chikamwini, pamudzi pa akazi ake, monga mwambo umanenera. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, pansi simenti, khonde loyang'ana kudambo lotsikira ku Chilwa. Mwana Mulungu sanawapatse. Anali awiriwiri basi, ndipo azakhali ndi munthu yekhayo amene ankatha kuwatseka pakamwa. Mkangano ukafika povuta, ankangoti, "Bambo, tiyi akuzizira," amalume n'kukhala pansi ngati mwana.

Zaka zawo zomaliza anathera kwa ine ku Utale, m'chipinda chakuseri chimene kale ndinkasungamo chimanga. Makani anabwera nawo. Anakangana ndi okumba mjigo wapasukulu, anakangana ndi namwino za mankhwala awo omwe, ndipo ana anga anaphunzira kudya mwakachetechete kuopa kufunsidwa masamu. Koma mvula yoyamba ikagwa ankakhala chete pakhomo, kuyang'ana kum'mawa kumene kuli mapiri a Machinga, n'kundifunsa ngati ndikuganiza kuti pali amene akulambula pamanda a Esinala. Ndinkawayankha kuti alipo. Ankandiyang'ana mmene ankayang'anira chivwende chosapsa.

Chimene chinawachotsa kwa Mposa chinayamba chilimwe china, pamene kunabwera gulu la kampani ina kudzayesa dambo lija. Anatsogola oyeza malo, amene anakhoma zikhomo zamatabwa zomangirira kansalu kofiira pamzere woongoka kudutsa m'minda, kuti odzayala chingwe adziwe pozika timakutu. Msonkhano anachititsa umodzi wokha, wa Chingerezi chambiri, womasulira n'kungouza anthu kuti alendowa akufuna mafuta. Kampani imeneyo ndimaikwiyira mpaka lero. Sungakhome mitengo m'munda mwa munthu wosauka, kutchula mawu oti mafuta, n'kukwera galimoto kumapita. Oyezawo atangochoka, nkhani inamera yokha: pamene pali chikhomo, pansi pake pali mafuta, ndipo mwini mundawo watsazikana nawo umphawi.

M'masiku ochepa mzere uja unakhota ngati njira ya woledzera. Kukacha, chikhomo chimene chinali m'munda mwa uyu chili m'munda mwa uyo. Pa ichi akutchalitchi ndi akumzikiti anagwirizana bwino lomwe. Abale a bere limodzi anasiya kupatsana moni chifukwa cha kamtengo kosakwana mkono. Ochenjera anayamba kusema zikhomo zawozawo, n'kung'amba zitenje zofiira za akazi awo. Ambiri anasiya kusosa, poti wolemera mawa alimirenji lero. Che Mailosi, amene anali mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi malo awo, anali ndi zikhomo zambiri kuposa wina aliyense, chikhalirecho mzere weniweni sunadutse n'komwe m'munda mwawo.

Amalume zinawapenga. Kampaniyo sinawalembe ntchito, sinkawadziwa n'komwe, ndipo iwo ankakayikira kwambiri zoti dambo lija lili ndi dothi lakuya mokwanira kusunga mafuta. Koma mzere wokhota unkawapweteka m'thupi. Ankati kakhutu kakazikidwa polakwika, makina amawerengera ngati kali pamene woyeza anakasiya, chithunzi n'kunama, ndipo choyamba kutayika ndi kamzere kaja kosonyeza pothera mchenga. Anayesa kufotokozera anthu, koma kufotokoza kwa amalume kunali kutukwana. Anawauza kuti ngakhale mbuzi imadziwa kuti chikhomo n'chomangirirapo chingwe.

Tsiku limene zinafika poipa ndinalipo, nditapita kukazonda azakhali amene anali atayamba kudwala. M'mawa, dzuwa litakwera, amalume anavala majombo ndi chipewa chawo cha kuntchito, n'kulunjika kumunda kwa Che Mailosi. Anayamba kuzula zikhomo chimodzichimodzi, zosema pamudzi n'kumaziponya kutchire, zenizeni n'kumazipana m'khwapa. Anthu anasonkhana, ndipo mwini munda anafika akupuma mofulumira.

"Alamu, mukutani m'munda mwanga?"

"Ndikubweza zinthu za eni ake pamalo pake," anatero amalume osatembenuka. "Ichi n'chikhomo, alamu, si mpopi wa petulo."

"Chabwino. Inuyo ophunzira, tiuzeni pano anthu akumva. Mafutawo ali pati?"

"Sindikudziwa."

"Zaka zonse zija kunja, lero simukudziwa?"

"Iyayi, sindikudziwa. Akampani aja sakudziwanso, n'chifukwa chake akuyeza. Kasoseni minda, mvula ili pafupi."

Che Mailosi anatembenukira kwa anthu n'kuseka. "Mwamva? Akudziwa awa, koma akufuna adye okha. Alamu, musaiwale kuti pano munadzera mkazi. Pa dothi lino mulibe mawu."

Munthu wanzeru akanakhala chete. Amalume anaongoka n'kunena kuti iwo dothi limenelo amalimva mpaka pansi pamene agogo a Che Mailosi sanalotepo, pamene eni akewo amangolikanda pamwamba ngati nkhuku. Mkamwini sanyoza makolo a pamudzi, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Ngakhale apo zikanatha kukonzeka ndi nkhuku imodzi ndi kupepesa. Chimene chinawamaliza n'chimene anachita pambuyo pake. Anayenda ndi zikhomo zija kutsata mabowo akale, kubwezera chilichonse pamene oyeza anachikhoma poyamba, gulu la anthu likuwatsata m'mbuyo. Tsono mzere weniweniwo unkadutsa m'mbali mwa nyumba yawo, ndipo bowo lomaliza linali pakona pa khonde lawo, pamene wina anali atabapo chikhomo. Azakhali anali atakhala pamkeka pakhondepo, atafunda nsalu ngakhale kunali kotentha. Anaona zimene anthu aja ankaona.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "chimenecho chisiyeni."

"Malo ake ndi pano."

"Ndikudziwa. Chisiyeni. Tiyi akuzizira."

Aka kanali koyamba, ndipo ndikukhulupirira komaliza, kuti mawu amenewo alephere. Amalume anatola mwala n'kukhoma chikhomocho pakona pa nyumba yawo, mudzi wonse ukuonerera. Kwa iwo anali atangoongola mzere. Kwa anthu, mkamwini anali atazula chuma m'minda ya eni nthaka n'kukachizika pakhomo pake, masana dzuwa likuswa mtengo.

Akampani atabwera anayezanso mzere wonse ndi zipangizo zawo, osafunsa kuti anavutikira zikhomozo ndani. Anaika alonda, anayala chingwe, galimoto zawo zinagwedeza dambo masiku angapo, kenako anapakira n'kumapita. Sanabwerenso, ndipo sanatumize ngakhale munthu mmodzi kudzanena zimene anapeza kapena zimene sanapeze. Chaka chimenecho amene sanasose anakolola zochepa. Njala ikalowa m'nyumba anthu amafuna woti amuloze chala, ndipo sanavutike kumupeza. Zinamveka kuti a Kalisito anagwirizana ndi azungu kuti atseke mafuta mpaka eni mudzi atatopa. Anthu anasiya kudutsa pakhomo pawo. Amene ankabwera kudzatchajitsa mafoni pa sola yawo anayamba kupita kwina.

Azakhali anamwalira zokolola za chaka chotsatira zisanalowe m'nkhokwe. Kwathu kuno mkazi akamwalira, akuchikazi amasudzula mwamuna, kumumasula kuti ukwati watha. Koma nkhalamba imene yakhala pamudzi zaka zambiri, yamanga, yaika maliro a eni mudzi, kawirikawiri amaiuza kuti bambo khalani, pano m'panu. Aliyense amadziwa zimenezi. Che Mailosi sanadikire n'komwe kuti dothi la pamanda liume. Anaitanitsa akwathu, ine ndili pomwepo, n'kulankhula mwaulemu wonse kuti mlongo wawo wapita, mwana palibe, choncho akuwamasula alamu kuti akapume kwawo. Mwambo anautsata bwinobwino, palibe pamene ungawagwire. Chimene ankafuna si mwambo ayi, ankafuna pansi pa nyumba ija.

Tsiku lowasamutsa ndinabwera ndi galimoto ya matola kuchokera ku Liwonde. Amalume anatenga mabuku, majombo, zovala ndi botolo lawo la mchenga. Mipando, bedi, sola, zonse anasiya. Ndinawauza kuti tipite kubwalo la milandu, iwo anakana, amvekere sangakakangane ndi abale a Esinala pamaso pa alendo. Munthu amene anakangana ndi dziko lonse, pamene pankafunika kukangana m'pamene anapinda manja.

Pa ichi ine ndi iwo tinayambana kangapo, ndipo sindinawakhululukire kwenikweni. Tsiku lina ndikuwapatsa phala ndinawafunsa kuti chinawavuta n'chiyani kungouza anthu aja kuti mafuta kulibe, nkhani ithe.

"Ndikanatero ndikananama," anatero.

"Inu nomwe munkati mukukayikira."

"Kukayikira si kudziwa, mwana wa mlongo wanga. Chithunzi chake sindinachione."

"Ndiye chifukwa cha chithunzi chimene simunachione mwataya nyumba? Azakhali anakuuzani kuti chisiyeni."

Amalume anakankha mbale ya phala, ndipo tsiku limenelo sanadye kanthu. Ndinadziwa kuti ndawabaya pachilonda, koma sindinabweze mawu anga, chifukwa anali oona. Anali ndi ufulu wotaya mtendere wawo, koma azakhali miyezi yawo yomaliza anaithera m'nyumba imene anthu ankailambalala, abale awo omwe osabwera kudzawaona.

Atadwala komaliza anandipempha chinthu chimodzi chokha, ndipo anachipempha movutikira, poti kupempha sankakudziwa. Ankafuna kukagona pafupi ndi akazi awo. Ndinatuma munthu kwa Mposa. Yankho linabwera loti manda aja ndi a mbumba, mkamwini wosudzulidwa amakaikidwa kwawo. Sindinawauze. Iwonso sanandifunse, anangondiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Patangopita masabata ochepa, munthu amene anatumiza yankho limenelo anali ataimirira pamaliro awo, chipewa kumanja, akunena za mtendere.

Titachoka kumanda, anthu akusamba m'manja, Che Mailosi anandikokera pambali, kuseri kwa khola. Akalamba nawonso, amayendera ndodo. Ndinaganiza kuti mwina akufuna kupepesa, ndipo ndinali nditayamba kale kufewa.

"Mayi, pepani ndi zovutazi," anatero monong'ona. "Koma amalume anuwa, asanatisiye, sanakuuzeni kalikonse? Za pansi paja?"

"Anandiuza," ndinayankha.

Maso awo anawala, n'kusendera pafupi.

"Anati sakudziwa."

Ndinawasiya ali chiimire pomwepo. Ndikanakhalitsa ndikanalankhula zoti ana anga adzachite nazo manyazi.

Sabata yatha ndinapita kwa Mposa kukalambula pamanda a azakhali ndi kuwauza kuti amuna awo anapita. Udzu unali wofika m'chiuno. Nditamaliza ndinadzera kunyumba kuja, koyamba chichokereni amalume. Anthu a Che Mailosi anasasula malata, zitseko ndi mafelemu a mawindo anazula, makoma okha ndi amene aima. Pabalaza, pamene pankakhala tebulo la botolo lija, simenti anaiswa, ndipo pali dzenje lalikulu lakuya kuposa msinkhu wa munthu. Anakumba mpaka anapeza madzi. Madziwo ndi obiriwira, muli achule, ndipo chingwe chimene ankakokera ndowa chikadali chomangirira pamtanda wa denga. Dzenje lina laling'ono analiyamba kuchipinda chogona n'kulisiyira panjira. Dongo lotuwa limene anafukula analiunjika pakhonde, pamene azakhali ankayala mkeka, ndipo lauma n'kung'ambika, pamwamba pamera chisoso.

Pakona pa khonde chikhomo chija chikadalipo. Chiswe chachidya mbali imodzi, kansalu kofiira kanasuluka n'kukhala kotuwa. Wina anachizunguliza ndi miyala kuti mbuzi zisachigwetse. Panyumba yonse ija, chimene chatsala pamene amalume anachisiya ndi chokhacho.